Mabatani Opanda Mabowo

Atelala ankadziwa chiuno cha munthu aliyense wa mumsewu mwawo, ngakhale cha aja okonda kunama kuti sichinakule. Zaka makumi anayi ndi zitatu ali pamakina, sanalembepo muyeso wa munthu m'buku. Ankangomuzunguliza tepi, n'kung'ung'udza nambala, basi yakhazikika m'mutu. N'chifukwa chake zinawawawa mwana wawo wamkazi atawabweretsera kabokosi kapulasitiki kolembedwa masiku a sabata, ngati kuti Lachiwiri ndi chinthu choti munthu wamkulu angachitaye.

Mwanayo anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kutsidya kwa tauni, koma pakhomo anayamba kumutchula kuti Ahedi akadali wamng'ono, pakuti anabadwa ndi mawu olamula. Lamulungu limenelo Ahedi anakankhira nsalu pambali n'kundandalika mabotolo atatu a mankhwala a amayi ake patebulo lodulirapo.

"Ofiirawa ndi a bipi, m'mawa. Achikasuwa ndi owonjezera magazi, m'mawanso. Oyera ang'onoang'onowa ndi aja a kuiwala. Limodzi lokha, madzulo akatha kudya. Limodzi, ababa."

"Ndamva, Ahedi."

"Mukadumphitsa tsiku, lapita basi. Musamabwezere mawa lake. Adokotala ananena."

"Ndinalipo pamene ankanena."

"Munalipo, koma mwezi watha ndinakupezani muli ndi atatu m'dzanja."

Apa Atelala anayamba kufunafuna singano imene sinatayike. Zinali zoona. Mwezi wathawo anaiwala kuwamwetsa akazi awo masiku awiri, ndiye mwa nzeru za utelala anaona kuti pamene paperewera nsalu umaikapo chigamba. Mwamwayi Ahedi analowa kapu ya madzi isanafike pakamwa.

"Ndikunena maso ndi maso kuti mawa musadzati sindinanene," anatero Ahedi akutseka tizipinda ta kabokosi kamodzikamodzi. "Likachitikanso vuto ndi mankhwalawa, amayi ndiwatenga azikakhala kwathu."

Kwawo kwa Ahedi inali nyumba ya sukulu ya zipinda ziwiri, momwe munali kale mwamuna, ana atatu ndi bedi limodzi lapadera. Limodzi. Nambala imeneyonso Atelala anaimva bwinobwino. Mkazi amene anakhala naye kuyambira tsitsi lili bii akanapita kutsidya kwa tauni, iwo n'kutsala ndi makina ndi mphaka wa aneba. Anachita mantha kwambiri, koma anangoseka.

"Mudzanditenge nanenso, ndizikakuimbirani belu."

Ahedi sanaseke. Anaika mabotolo m'chikwama mwake, n'kukatsanzika amayi ake.

Amayiwo mumsewu monse ankadziwika kuti Abwana, dzina limene anawapatsa ndi amuna awo omwe. Ndipo linkawayenera. Pazaka zonsezo Atelala ankasoka, koma chovala sichinkatuluka pakhomo Abwana asanachitembenuze kunja ndi m'kati. Mabatani inali mbali yawo. Anali ndi zitini khumi ndi ziwiri, chilichonse cha mtundu wake, ndipo batani lobiriwira likapezeka m'chitini cha akuda, tsiku limenelo m'nyumba simunkakhala mtendere.

Matenda oiwalaiwala anabwera mwakachetechete zaka zitatu zapitazo. Anayamba ndi mchere wothira kawiri, kenako ketulo yopserera pamoto, kenako mayina a zidzukulu. Koma manja sanaiwale. M'mawa uliwonse Atelala ankakhuthulira mabatani osakanizika m'thireyi, Abwana n'kukhala pawindo kumawasankha, ofiira kwaokha, oyera kwaokha, uku akudandaula za anthu osalongosoka a masiku ano. Akagona masana, Atelala ankawasakanizanso mobisa kuti mawa ntchito ipezeke. Munthu wosalongosoka amene ankanenedwayo anali iwo, ndipo ankavomera ndi mtima wonse.

Lolemba linayenda bwino. Lachiwiri linayenda bwino zedi, moti Atelala anayamba kuimba mluzu podutsa pa kabati pamene ankaika kabokosiko, pamwamba penipeni pamene Abwana sankafikira. Lachitatu m'mawa anakatsitsa, n'kuwamwetsa lofiira ndi lachikasu. Asanakabwezere, panja panalira hutala.

Anali Adalaivala, mwini takisi yoyera imene inkaima pakona, munthu amene mimba inkayamba kulowa pakhomo iye akadali pakhonde.

"Atelala, thalauza iyi yabwerera pochapa."

"Eetu, nsalu za masiku ano," anayankha Atelala akuyang'ana mimbayo. "Zimabwerera m'chiuno mokha, miyendo n'kuisiya."

"Ndili nayo yokhayi yabwino, ndipo masana ndikunyamula anthu aulemu. Ingoimasulani pang'ono."

Adalaivala analowa kuseri kwa katani n'kuvula, Atelala n'kuwaponyera chidutswa cha nsalu yamaluwa kuti adzikulunge. Popeza maso anali atayamba kuchita nkhungu, Atelala anatuluka ndi thalauza pakhonde pamene pankawala, n'kuyamba kusomola msoko wakumbuyo ndi lezala. Adalaivala anasuzumira pawindo, nkhani n'kuyambika: maenje a mumsewu, apolisi a pamsewu, timu ya mpira imene inkaluza ngati inachita kulumbira. Theka la ola linatha osadziwa. Kabokosi kanali patebulo, pafupi ndi thireyi ya mabatani.

"Inu!" anaitana Abwana m'nyumba. "Ndani wakugulitsani mabatani opanda mabowo?"

Lezala linagwa m'manja.

Kunena zoona, Abwana ntchito anaigwira bwino. Tizipinda tonse tinali totsekula. Mapiritsi ofiira anali pamodzi m'kachipinda ka Lachinayi, achikasu m'ka Lachisanu, oyera m'ka Loweruka, ndipo Abwana anakhala manja ali pamiyendo ngati munthu amene wakonza zimene zitsiru zinasokoneza.

"Akuberani," anatero. "Ulusi ulowa pati pamenepa?"

Atelala anatsitsa magalasi pamphumi n'kuwerenga. Ofiira anayi, ndi momwemo. Achikasu anayi, ndi momwemo. Oyera anayenera kukhala asanu. Anawerenga atatu. Anawerenganso ndi chala, koma chala nachonso chinapeza atatu.

"Abwana, oyerawa analipo asanu. Awiri ali kuti?"

"Oyera ati?"

"Awa. Kodi mwameza?"

"Ine ndimeze batani? Ndine mwana ine?" Anakwiya ndithu. Kenako ananyambita milomo n'kuchita tsinya. "Koma ndi owawa bwanji."

Atelala anagwada, mawondo n'kulira ngati chitseko chakale. Anafufuza pansi pa tebulo, pansi pa makina, m'zidutswa za nsalu, m'thireyi, m'matumba a juzi ya Abwana. Anapeza mapini, choko ndi batani la malaya limene analisaka chaka chatha. Piritsi sanalipeze.

"Atelala, kwagwanji?" anafunsa Adalaivala ali kuseri kwa katani. "Kuno kukuzizira."

"Palibe. Dikirani."

Pamenepo maganizo oipa anafika, ndipo maganizo oipa amafika atavala bwino. Palibe amene waona. Mwina mapiritsiwo angogwera penapake. Mwina mapiritsi awiri si kanthu, poti ndi tinthu tating'onoting'ono ngati maso a nsomba. Angobwezera chilichonse m'malo mwake, ndipo Lamulungu Ahedi akadzafunsa za awiri osowawo, adzati anagwera m'sinki. Akapita kuchipatala, Ahedi amva. Ahedi akamva, bedi lija lapeza mwini.

Anakhala pampando n'kuyambadi kubwezera. Lofiira Lachinayi m'mawa, lofiira Lachisanu m'mawa. Piritsi lina linagubuduka patebulo. Ankadziwa kuti akuchita zolakwika, koma anapitiriza, maso ali pakabokosi kuti asayang'ane nkhope ya akazi awo.

"M'mimba mukundipotokola," anatero Abwana ndi mawu otsika.

Atadzutsa mutu anaona thukuta lili mikandamikanda pamphumi pawo, malovu akutuluka pangodya ya mlomo. Anawagwira padzanja, pamene anamwino amagwira. Munthu amene wapalasa makina moyo wake wonse amadziwa kayendedwe ka chinthu. Mtimawo unkagunda, koma mwaulesi, ngati makina a lamba wokhwepa. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi makumi awiri zinali zitadutsa chiyambire kufufuza.

Mawu a adokotala, amene Atelala anauza Ahedi kuti anawamva, anabwera onse: akamwa opitirira musadikire kuti muone, musawasanzitse, musawapatse zina zilizonse, bwerani nawo pamodzi ndi mankhwala omwe.

"Adalaivala! Lizani galimoto!"

"Nanga thalauza?"

"Ndi yong'ambika kumbuyo konse. Tiyeni momwemo!"

Ulemu wake upite kwa Adalaivala. Atasuzumira n'kuona nkhope ya Abwana, sanafunsenso kanthu. Anamanga nsalu yamaluwa ija mfundo ziwiri, n'kuwanyamula mayiwo ngati mwana mpaka m'galimoto. Aneba amene anaona munthu wamkulu wa jekete ndi taye akuthamanga ndi maluwa m'chiuno anasunga nkhaniyo, ndipo mpaka lero sinathe. Atelala anakhala kumbuyo, dzanja limodzi lili paphewa la akazi awo, lina litafumbata kabokosi.

Kuchipatala namwino anawalowetsa osaima pamzere. Adokotala anali mtsikana woti akanatha kukhala mdzukulu wawo, koma mafunso ake anali a munthu wamkulu. Ndi mankhwala ati? Angati? Nthawi yanji? Akumwanso ena otani?

"Oyerawa, awiri. Ofiira ndi achikasu ndi okwanira, ndawerenga kawiri. Pakati pa hafu eyiti ndi naini. Dzulo madzulo anamwa limodzi monga mwa nthawi zonse."

"Mwachita bwino kubwera nako kabokosika," anatero adokotala. Anawamata Abwana timawaya pachifuwa n'kuyang'ana kachipangizo kamene kankalira kuti ti, ti, ti. "Mtima watsika liwiro, ndi mmene mankhwala amenewa amachitira akachuluka. Sizinafike poopsa, koma tiwasunga mpaka madzulo tiziwaona. Lero loyeralo asamwe, ndipo ndidzakuuzani ine tsiku loyambiranso. Muli ndi wachibale woti timuimbire?"

Khomo lothawira linali lotsekula. Akanangoti ayi, ndilipo ndekha, nkhani ikanathera pomwepo. Atelala anatchula nambala ya foni ya Ahedi yonse pamtima, pang'onopang'ono, kuti namwino asaphonye ngakhale imodzi.

Ahedi anafika ola lisanathe, choko chili mbuu pamkono wa bulauzi. Pakhomo la chipatala anadutsana ndi Adalaivala atakhala m'galimoto mawindo ali otseka, koma analibe nthawi yofunsa. Anawadutsanso abambo ake pabenchi n'kulowa kwa amayi ake. Anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka anadzakhala kumapeto kwa benchi, chikwama chili pamiyendo.

Atelala anafotokoza zonse asanafunsidwe: hutala, thalauza, kabokosi kosiyidwa patebulo. Sanachotsepo kanthu.

"Bwanji munapereka nambala yanga?" anafunsa Ahedi. "Mukanakhala chete sindikanadziwa."

"Ndinafuna kubisa. Ndinafuna kwa mphindi makumi awiri, mayi ako akutuluka thukuta pambali panga. Za kabokosi ndi kuiwala, aliyense amaiwala. Koma mphindi zimenezo ndizo zikundichititsa manyazi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Watenge, mwana wanga. Bola akhale kwanu ali moyo. Tulutsa cholembera, pali zina zofunika uzidziwe."

Ahedi, amene moyo wake wonse anali wouza ena kuti alembe, anatulutsa cholembera chofiira ndi pepala la mayeso, n'kulitembenuza kumbuyo.

"Piritsi amalibisa m'tsaya. Ukawapatsa madzi uwafunse funso lililonse kuti alankhule, ndiye udziwa ngati lapita. Usawauze kuti yasamulani, amakwiya."

Ahedi analemba.

"Posamba amaopa madzi kumutu. Uziyambira kumapazi, uzikwera pang'onopang'ono. Usamawafunse kuti mukundidziwa ine? Funso limenelo limawachititsa manyazi. Ungolowa n'kunena kuti ndine mwana wanu, ndabwera. Akakuitana dzina la mng'ono wawo, vomera, silikuchotsera kanthu. Galasi la kuchipinda uziliphimba dzuwa likapendeka, chifukwa amaona mayi wachilendo amene safuna kuchoka. Akakana chakudya usakangane nawo. Chotsa mbale, uzungulire nayo kukhitchini, ubwere nayonso ngati yatsopano. Kachiwiri amadya."

Pepala linadzaza. Ahedi anayamba kulemba m'mbali.

"Ikamakwana folo koloko amatenga chikwama, amati akupita kwa amayi awo, akuwadikira. Usawaletse. Uvale nsapato upite nawo mpaka pakona, muzungulire, pobwerera unene kuti tafika. Amalowa bwinobwino. Koma usadzawauze kuti amayi awowo anamwalira. Kwa iwo imakhala nkhani yatsopano, amalira maliro kuyambira pachiyambi."

Cholembera chinaima.

"Ine ndinawauza," anatero Ahedi, mawu a pasukulu aja atasowa. "Kawiri. Ndinkati munthu ayenera kudziwa zoona."

"Ndikudziwa. Ndine ndinkawatonthoza iwe utapita."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ahedi amauzidwa?"

Ahedi anafuna kuseka koma zimene zinatuluka zinali misozi. Anayang'ana pepala lofiira mbali zonse ngati la mwana amene walakwa chilichonse. Folo koloko iye amakhala ali pamsonkhano wa aphunzitsi. M'mawa amatuluka m'nyumba ana ake asanamalize tiyi. Zaka zitatu ankabwera Lamulungu lililonse ndi malangizo, osadziwa kuti pakati pa Lamulungu ndi Lamulungu pamachitika zonsezi.

"Zimenezi mumachita tsiku lililonse, ababa?"

"Si ntchito ayi. Ndi mmene tsiku limayendera. Lemba, zatsala za nsapato."

Ahedi sanalembe. Anatseka cholembera, n'kupukuta mphuno, n'kukhala tsonga. Mawu atabwerera, anabwera ndi mphamvu zawo zonse.

"Kabati ija ndikuikira loko lero lomwe. Kiyi izikhala m'khosi mwanu pachingwe, osati m'thumba. Mukatsitsa kabokosi muzitulutsa a nthawi imeneyo okha, n'kukhoma, kenako muziwamwetsa. Kaya panja palira hutala, kaya lipenga la tsiku lomaliza, muyambe mwakhoma. Mukawamwetsa muzindiimbira, m'mawa ndi madzulo. Ndizibweranso Lachitatu, osati Lamulungu lokha. Ndipo chikachitika chilichonse, mphindi makumi awiri zija zisadzabwerenso."

Atelala anamvetsera mutu uli pansi, akudikira mawu otsiriza aja a bedi. Sanabwere. Anadzutsa maso pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndakhoza?"

"Mwalephera," anatero Ahedi. "Mubwereza."

Anakhala pabenchipo mpaka dzuwa linapendeka, akugawana buledi amene Adalaivala anawatumizira kudzera pawindo la galimoto. Kenako chitseko chinatsekuka, namwino n'kusuzumira.

"Amuna awo a mayi aja ndi ati? Mtima wabwerera m'malo, adokotala akuti atha kupita. Koma eni ake akalipa, akuti mwawachedwetsa, akufuna kwawo."

Atelala anayang'ana mwana wawo, pakuti anali asanakhulupirirebe.

"Mwamva," anatero Ahedi. "Kwawo amakudziwa ndinu."

Atelala anaimirira, nsapato za Abwana zili m'manja. Pakhomo la chipindacho anaima kaye n'kupukuta maso ndi mkono wa malaya, kamodzi, kawiri, mpaka anauma ndithu. Abwana akaona munthu akulira nawonso amalira, ndipo chimenecho anali asanamuuze Ahedi kuti alembe.